Dziko laling'ono liweramitse mutu, koma lisapereke makiyi a nyumba

Chakumapeto kwa chaka cha 1939, maiko anayi ang'onoang'ono a m'mphepete mwa nyanja ya Baltic analandira uthenga wofanana kuchokera ku Moscow. Boma la Soviet Union, lomwe pa 23 August chaka chomwecho linali litagawana mwachinsinsi dera lonselo ndi Germany ya Adolf Hitler, linaitana nthumwi za Estonia, Latvia, Lithuania ndi Finland, dziko lililonse palokha, n'kuziuza kuti likufuna malo oikapo asilikali ake m'kati mwa maikowo, ponena kuti likungofuna kudziteteza. Maiko atatu oyambawo anawerenga asilikali awo, n'kuwerenganso a mnansi wawoyo, ndipo anasaina mapangano. Pofika mu June 1940 asilikali a Soviet Union anali atadzaza m'misewu ya Tallinn, Riga ndi Kaunas, mu August maiko onse atatu anamezedwa, ndipo mu June 1941 anthu masauzande ambiri anatengedwa m'nyumba zawo usiku, kukwezedwa sitima zapamtunda n'kukatayidwa ku Siberia. Finland inalola kukambirana zosuntha malire pang'ono, koma inakana kupereka doko loti alendo aikepo zida zawo. Pa 30 November 1939 ndege za Soviet Union zinaponya mabomba mumzinda wa Helsinki, ndipo dziko la anthu osakwana 4 miliyoni linayamba kumenyana ndi dziko la anthu pafupifupi 170 miliyoni.

Nkhondoyo inatenga masiku 105, ndipo Finland inagonja. Ndikutsindika mfundo imeneyi chifukwa ambiri amene amakamba nkhaniyi amaikometsera ngati nthano ya kalulu amene anagwetsa njovu. Pangano la mtendere la mu March 1940 linalanda Finland pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nthaka yake, pamodzi ndi mzinda wa Viipuri, ndipo anthu oposa 400,000 a m'chigawo cha Karelia anasiya minda ndi manda a makolo awo n'kusamukira kutsidya kwa malire atsopano. Asilikali a Finland pafupifupi 25,000 anafa. Komabe nyumba ya malamulo inapitiriza kukumana, makhothi anapitiriza kuweruza milandu potsata malamulo a dzikolo, asilikali anakhalabe m'manja mwa eni dziko, ndipo boma lachidole lomwe mtsogoleri wa Soviet Union, Joseph Stalin, anali atalikonzeratu m'tauni ya Terijoki, motsogozedwa ndi Otto Wille Kuusinen, linathetsedwa mwakachetechete chifukwa linalibenso ntchito.

Sindikufuna kuweruza mwankhanza atsogoleri a maiko atatu aja, pakuti Estonia inali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, ndipo inalibe nkhalango ndi nyanja zambirimbiri zomwe zinathandiza asilikali a Finland. Koma zimene zinachitika m'miyezi imeneyo zimandipatsa maganizo amene ndikufuna kuwateteza pano. Dziko laling'ono lokhala pafupi ndi mnansi wamphamvu amene amakhumbira nthaka ya anzake silingayembekezere kumugonjetsa, ndipo mtsogoleri amene amalonjeza anthu ake zimenezo akuwanamiza. Ntchito yake yeniyeni ndi kusiyanitsa, nthawi ya mtendere ikadalipo, zinthu zimene lingataye n'kukhalabe dziko ndi zinthu zimene likazitaya lathera pomwepo. Ulemu pamaso pa maiko ena, chuma, ngakhale chigawo cha nthaka, zonsezi zimawawa kuzitaya koma mtundu umatha kupirira. Ulamuliro pa asilikali ako, ufulu wosankha wekha okutsogolera, ndi mphamvu yonena amene alowe ndi zida m'dziko mwako, amenewa ndiwo makiyi a nyumba, ndipo amene wawapereka sawalandiranso mwamtendere.

Zimene Finland inachita nkhondo itatha n'zosakoma kuzimva, ndipo n'chifukwa chake zili zofunika kuzilingalira mofatsa. Pakati pa 1941 ndi 1944 dzikolo linamenyananso ndi Soviet Union lili mbali imodzi ndi Germany ya Hitler, lomwe ndi banga m'mbiri yake, ndipo linagonjanso. Linauzidwa kulipira chipukuta misozi cha katundu wokwana madola 300 miliyoni, ndipo linalipira ndi sitima zapamadzi, makina ndi matabwa mpaka ngongole inatha mu 1952. Linakakamizika kubwereketsa dera la Porkkala, kufupi ndi Helsinki, kwa asilikali a mnansiyo mpaka mu 1956. Mu 1948 linasaina pangano la ubwenzi ndi dziko lomwelo limene linalilanda Karelia. Mtsogoleri wake Juho Kusti Paasikivi, ndi Urho Kekkonen amene anamulowa m'malo mu 1956, anaphunzitsa anthu awo kuti asamaputa Moscow pa nkhani zakunja. Mtengo wake unali waukulu, chifukwa nyuzipepala zinazolowera kumeza mawu, ndipo Kekkonen anakhala pampando zaka 25, zomwe si zabwino m'dziko la demokalase. Koma m'zaka zonsezo zisankho zinkachitika, amalonda ankagulitsa katundu kumadzulo, ndipo mnyamata aliyense ankaphunzira usilikali. Soviet Union itagwa mu 1991, Finland inali chilili, ndipo mu 1995 inalowa m'bungwe la European Union.

Nzeru yomweyo inaonekera kale kummwera kwa Africa, zaka pafupifupi 90 Paasikivi asanaiphunzitse. Mu December 1852 asilikali a Britain motsogozedwa ndi George Cathcart analowa m'dziko la Basotho, ndipo paphiri la Berea anakumana ndi ankhondo a Mfumu Moshoeshoe amene anawapweteka kuposa mmene ankayembekezera. Mfumu ina ikanaimbitsa ng'oma yachipambano n'kuyamba kunyoza mdani. Moshoeshoe analembera Cathcart kalata yodzichepetsa yopempha mtendere, ndipo potero anamupatsa njira yobwerera kwawo popanda manyazi. Ankadziwa kuti Britain ikachita manyazi ibweranso ndi gulu lalikulu limene iye sangalimbane nalo, ndiponso kuti chilombo chenicheni chofuna minda yake ndi Mabunu amene pambuyo pake anakhazikitsa Orange Free State. Mabunuwo atamupanikiza mpaka kutsala pang'ono kumumaliza, anapempha chitetezo cha Britain ndipo anachipeza mu 1868. Anataya minda yachonde yambiri, koma Lesotho alipo lero. Mu 1895 mafumu atatu a Batswana, Khama, Sebele ndi Bathoen, anapita okha ku London kukakana kuti dziko lawo liperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, ndipo anayenda m'mizinda ya Britain akulankhula m'matchalitchi ndi m'misonkhano kufikira boma linawamvera. Kuthyola ndiwo n'kuwerama, ndipo atsogoleri amenewa ankadziwa kuti kuwerama kwawo kuli ndi cholinga.

Wina anganene kuti masiku ano kuli malamulo a pakati pa maiko, kuli bungwe la United Nations, ndipo dziko laling'ono lingathe kudalira mapangano. Ndikanakonda zikanakhala choncho, koma mbiri ya mapangano otere ndi yomvetsa chisoni. Ethiopia inali membala wa bungwe la League of Nations, lomwe linalipo United Nations isanakhazikitsidwe, pamene Italy, yomwe inkalamulira Eritrea ndi mbali ya Somalia, inailowerera mu October 1935. Bungwelo linaika ziletso za malonda koma linasiyapo mafuta, ngalande ya Suez sinatsekedwe, ndipo pamene mfumu ya Ethiopia, Haile Selassie, inkalankhula ku bungwelo ku Geneva mu June 1936 mzinda wa Addis Ababa unali utagwa kale. Czechoslovakia inali ndi pangano la chitetezo ndi France, inali ndi asilikali ophunzitsidwa bwino ndi malinga olimba m'mapiri a kumalire, koma pa msonkhano wa ku Munich mu September 1938 Britain ndi France anapereka chigawo cha Sudetenland kwa Hitler eni dziko asanaloledwe n'komwe kukhala pagome. Malinga aja anali m'chigawo chomwecho, kotero kuti mu March 1939 asilikali a Germany analowa mu Prague popanda wowaletsa. Ndipo m'masiku athu ano, pa 5 December 1994 ku Budapest, Ukraine inavomera kupereka zida za nyukiliya zomwe zinatsala m'dziko mwake, posinthana ndi lonjezo la Russia, America ndi Britain loti adzalemekeza malire ake. Mu 2014 Russia inatenga Crimea, ndipo pa 24 February 2022 inalowa ndi gulu lonse la nkhondo molunjika ku Kyiv.

Pali dziko limodzi laling'ono limene linamezedwa n'kulavulidwa msanga, lomwe ndi Kuwait. Iraq inalilanda pa 2 August 1990, ndipo pofika kumapeto kwa February 1991 mgwirizano wa maiko motsogozedwa ndi America unali utathamangitsa asilikali a mtsogoleri wa Iraq, Saddam Hussein. Koma aliyense amadziwa kuti pansi pa mchenga wa Kuwait ndi wa Saudi Arabia woyandikana nawo pali mafuta amene maiko olemera sakanalola kuti akhale m'manja mwa munthu mmodzi. Phunziro limene ndimatengapo ndi lakuti bwenzi lakutali limabwera pamene kugwa kwako kukulipweteka nalonso. Choncho kazembe wanzeru wa dziko laling'ono sathera nthawi yake popempha chifundo. Amagwira ntchito yoti maiko ambiri akhale ndi kanthu kawo m'dziko mwake, kaya ndi malonda, madoko, mafakitale kapena asilikali ochepa okhala komweko, kuti aliyense wofuna kulowa adziwe kuti aponda zala za anthu ambiri. Mongolia, yomwe yapanikizika pakati pa Russia ndi China ndipo ilibe mnansi wina aliyense, yakhala ikufunafuna dala ubale ndi Japan, South Korea, India, America ndi maiko a ku Ulaya, n'kumawatcha mnansi wachitatu.

Apa pali msampha umene uyenera kutchulidwa. Kuyandikira mgwirizano wa zankhondo popanda kulowamo kwenikweni n'koopsa kuposa kukhala kutali nawo. Mu April 2008, pa msonkhano wa ku Bucharest, bungwe la NATO linalengeza kuti Georgia ndi Ukraine zidzakhala mamembala tsiku lina, koma silinanene tsikulo ndipo silinapereke chitetezo chilichonse. Mawuwo anakwiyitsa Moscow popanda kuiopseza. Mu August chaka chomwecho Georgia inamenyana ndi Russia kwa masiku asanu, ndipo mpaka lero zigawo za Abkhazia ndi South Ossetia sizili m'manja mwake. Estonia, Latvia ndi Lithuania, zomwe zinalowa mu NATO ndi mu European Union mu 2004 pamene Russia inali isanalimbenso, sizinalowereredwe. Finland inadikira zaka zoposa 70, ndipo pamene inaona kuti nthawi yakwana inapempha mu May 2022 n'kulandiridwa pa 4 April 2023, itaonetsetsa kuti ili ndi malonjezo a chitetezo pa miyezi yodikirayo. Kusankha nthawi ndi mbali yaikulu ya nzeru imeneyi, ndipo mtsogoleri amene amalengeza ubwenzi watsopano pofuna kuombedwa m'manja pamsonkhano wa chipani akuseweretsa miyoyo ya anthu ake.

Mnansi wamphamvu nthawi zambiri safunikira n'komwe kutumiza asilikali ngati wagwira chingwe chimene mnzake amapumira. Pa 1 January 1986 boma la tsankho la South Africa linayamba kufufuza mochedwetsa dala galimoto iliyonse yolowa mu Lesotho. Malole a mafuta, chakudya ndi mankhwala anandandalika pamalire kwa masiku, zinthu zinayamba kusowa ku Maseru, ndipo pa 20 January asilikali a Lesotho omwe, motsogozedwa ndi Justin Lekhanya, anachotsa boma la Leabua Jonathan. Posakhalitsa mamembala a ANC amene anathawira m'dzikolo anatulutsidwa, ndipo malire anatsegulidwa. Botswana, yomwe inali pa ngozi yofanana, inayamba kale kumasula zingwe imodzi ndi imodzi pansi pa Seretse Khama. Mu 1976 inasiya ndalama ya South Africa n'kukhazikitsa pula, inamanga msewu wopita ku Kazungula kuti ikhale ndi khomo lotulukira ku Zambia, ndipo mu 1980 inali m'gulu la maiko amene anayambitsa bungwe la maiko a kummwera kwa Africa la SADCC ku Lusaka pofuna kuchepetsa kudalira njanji ndi madoko a South Africa. Inkalandira othawa kwawo koma sinkalola kuti nthaka yake ikhale poyambira nkhondo. Zimenezi sizinaiteteze kotheratu, pakuti mu June 1985 asilikali a South Africa anaukira Gaborone n'kupha anthu, koma boma lake silinagwe.

Lithuania inachita chimodzimodzi ndi gasi. Kwa zaka zambiri inkagula gasi yense ku kampani ya ku Russia ya Gazprom kudzera m'paipi imodzi, ndipo mtengo unkakwera kapena kutsika malinga ndi mmene Moscow yaonera khalidwe la boma la ku Vilnius. Mu 2014 inaimika padoko la Klaipėda sitima yaikulu yolandirira gasi wochokera kumaiko ena, ndipo inaipatsa dzina lakuti Independence, kutanthauza ufulu wodzilamulira. Ambiri ankati ndi yodula kwambiri kwa dziko la anthu osakwana 3 miliyoni. Mu April 2022 Lithuania inasiya kugula gasi wa ku Russia popanda nyumba za anthu kuzizira, ndipo mu February 2025 maiko atatu a ku Baltic anadula mawaya a magetsi amene ankawalumikiza ku Russia kuyambira nthawi ya Soviet Union. Njira yachiwiri ya mafuta, ya magetsi kapena ya katundu imaoneka ngati kuwononga ndalama chaka chilichonse chimene kulibe vuto, ndipo nduna ya zachuma iliyonse imayesedwa kuti iichotse mu bajeti. Nkhanga zinapangana kusanapse, chifukwa doko silimangidwa mlungu umene malire atsekedwa.

Koma pa zonsezi, chimene ndimachiona kuti n'chachikulu, ndipo chimene atsogoleri sakonda kuchimva, ndi mmene boma limakhalira ndi anthu ake omwe. Dziko lofuna kukulitsa malire kawirikawiri silinena kuti likubwera kudzalanda. Limanena kuti likubwera kudzapulumutsa abale ake amene akuzunzidwa. Hitler anagwiritsa ntchito anthu oposa 3 miliyoni olankhula Chijeremani a ku Sudetenland, ndipo Moscow inanena zomwezo za olankhula Chirasha a ku Crimea ndi Donbas. Madandaulo otere amakokomezedwa, nthawi zina amapekedwa, koma amagwira msanga pamene pali kachilonda kenikeni. Boma limene limasala chigawo china pa chitukuko, limene limanyoza chiyankhulo cha anthu ochepa, kapena limene limagawa maudindo potengera mtundu, likukonzera mdani khomo lolowera. Chimodzimodzinso ziphuphu, pakuti mkulu wa asilikali kapena nduna imene inazolowera kulandira ndalama kwa wamalonda sidzavutika kulandira kwa kazembe wa dziko lina, ndipo ndalama zogulira zipolopolo zikadyedwa msilikali amazindikira zimenezo tsiku la nkhondo.

Stalin ankayembekezera kuti anthu ogwira ntchito a ku Finland alandira boma la Kuusinen ndi manja awiri, chifukwa mu 1918 dzikolo linali litamenyana lokhalokha nkhondo yapachiweniweni yoopsa pakati pa gulu la ogwira ntchito lotchedwa ofiira ndi gulu la boma lotchedwa oyera, ndipo ogonja anafa ambirimbiri m'ndende. Koma m'zaka 20 zotsatira anthu osauka amene ankalima minda ya eni anapatsidwa mwayi wokhala ndi minda yawoyawo, ndipo chipani cha ogwira ntchito chinali m'boma pofika 1937. Ana a ofiira aja anapita kunkhondo pamodzi ndi ana a oyera, chifukwa anali ndi kanthu koti ateteze. Munthu samenyera nkhondo dziko limene limamuona ngati mlendo, ndipo palibe chida chogula kunja chimene chingalowe m'malo mwa zimenezi.

Kukonzekera kwenikweni kumaoneka m'zinthu wamba. Pansi pa mzinda wa Helsinki, m'thanthwe, muli dziwe losambiramo, mabwalo a masewera ndi malo oimika galimoto, ndipo ana amapitako kukasewera tsiku lililonse. Makomo ake ndi achitsulo chochindikala, muli makina oyeretsa mpweya, ndipo malo onsewo angasandutsidwe pothawira mabomba m'masiku atatu. M'dziko lonselo muli malo otere oposa 50,000, okwanira anthu ambiri mwa anthu 5.6 miliyoni a dzikolo. Finland sinasiye kulemba anyamata usilikali ngakhale pamene maiko ambiri a ku Ulaya anasiya, ndipo nkhondo itati ibuke ingasonkhanitse asilikali 280,000 oteteza malire ake ndi Russia, otalika makilomita oposa 1,300. Si dziko lililonse limene lingakwanitse kukumba m'thanthwe chonchi, ndipo dziko losauka limene lingathire chuma chake chonse m'zida likhoza kudzigwetsa lokha mdani asanafike. Koma mfundo yake ndi yotheka kwa aliyense, yakuti wofuna kulowa awerengere n'kupeza kuti chimene adzapeze n'chochepa poyerekeza ndi chimene adzataye. Nungu ndi kanyama kakang'ono, koma mkango umaganiza kawiri usanaigwire.

Ndanena kuti mapangano paokha sateteza, koma kungakhale kulakwa kwakukulu kuti maiko ang'onoang'ono anyoze malamulo a pakati pa maiko, chifukwa amphamvu angathe kukhala popanda malamulowo pamene ofooka sangathe. Atsogoleri a Africa anazindikira zimenezi ku Cairo mu 1964 pamene anagwirizana kulemekeza malire amene anawapeza polandira ufulu, ngakhale ankadziwa bwino kuti malirewo anajambulidwa ndi atsamunda ndipo anagawa mitundu pakati. Mu February 2022 kazembe wa Kenya ku United Nations, Martin Kimani, anakumbutsa dziko lonse za chisankho chimenecho potsutsa zimene Russia inkachita ku Ukraine. Pa 2 March chaka chomwecho maiko 141 anavota kudzudzula kulowereraku, asanu anakana, ndipo 35 sanavotere mbali iliyonse. Ndimamvetsa zifukwa za amene anakhala chete, ndipo n'zoona kuti maiko a kumadzulo nawonso anaphwanya lamulo lomweli, monga ku Iraq mu 2003. Koma yankho loyenera dziko laling'ono ndi kudzudzula onse awiri, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo amene anakhala chete pa malire a wina adzavutika kupeza womulankhulira pa malire ake.

Lamulo limagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo phindu lake limaonekera pamene zonse zalephera. Indonesia inalanda East Timor mu December 1975 ndipo anthu ambiri anafa, koma United Nations sinavomereze kulandako, kotero kuti boma la Suharto, mtsogoleri wa Indonesia, litagwa panali poyambira. Anthu anavota mu August 1999 ndipo dzikolo linalandira ufulu pa 20 May 2002. Maiko atatu a ku Baltic aja anakhala m'mimba mwa Soviet Union zaka pafupifupi 50, koma kuyambira mu July 1940 America inakana kuvomereza kuti amezedwa, ndipo eni ake anasunga ziyankhulo zawo ndi nyimbo zawo m'nyumba ndi m'makwaya. Pa 23 August 1989, patatha zaka 50 chisainidwire pangano lachinsinsi lija, anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwirana manja pamsewu wautali makilomita oposa 600 kuchokera ku Tallinn, kudutsa ku Riga, mpaka ku Vilnius. Zaka zonsezo ofesi ya kazembe wa Lithuania ku Washington inali yotsegula, ikuimira boma limene kwawo kunalibe, ndipo ufulu utabwerera mu 1991 boma latsopano linapeza ofesiyo ikugwirabe ntchito.